Kodi Ezeulu anamvera Ulu kapena mkwiyo wake?

Bambo Nyasulu (Chibavi):
Moni nonse abale ndi alongo. Monga tinapangana, mwezi uno tikukambirana buku la Chinua Achebe lotchedwa Arrow of God, lomwe linatuluka mu 1964, ndipo mwandisankha ine kuti nditsegule nkhani. Amene simunafike kumapeto mundikhululukire, chifukwa funso langa lagona kumapeto komweko.

Ezeulu ndi mkulu wa ansembe a Ulu, mulungu wa midzi 6 ya Umuaro m'dera la Aigbo ku Nigeria, m'zaka za m'ma 1920. Ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga miyezi. Mwezi watsopano ukaoneka, iye amawotcha chimodzi mwa zilazi zopatulika n'kuchidya chonse yekha chopanda mafuta, osabenthulirako ngakhale kamwana kake Obiageli kamene kamakhala pambali kakumeza malovu. Chikatsala chilazi chimodzi m'pamene amalengeza tsiku la chikondwerero cha zilazi zatsopano, chomwe chimatsegula nyengo yokolola m'minda ikuluikulu. Boma la atsamunda litamutsekera ku Okperi masiku 32, miyezi iwiri inadutsa iye osadya chilazi, kotero kuti nthawi yokolola itakwana anali adakali ndi zilazi zitatu. Akuluakulu 10 a maudindo anapita kukamupempha kuti adye zotsalazo tsiku lomwelo, ndipo anamuuza kuti ngati Ulu aona kuti apalamula, mlanduwo ukhale pamutu pa iwo. Ezeulu anapita kukachisi kukafunsa, nabwerako ndi yankho lakuti anthu adikire miyezi ina iwiri. Zilazi zinayamba kuwonongekera m'nthaka, njala inalowa m'midzi, ndipo anthu ambiri anathawira kutchalitchi.

Funso langa ndi ili: pamene ankakana, kodi Ezeulu ankamvera mulungu wake, kapena ankamvera mkwiyo wake umene unabisala m'mawu a mulunguyo?

Anaphiri (Katoto):
Zikomo Aphunzitsi. Kwa ine yankho silikuvuta, ndipo umboni wake ndi maganizo a Ezeulu mwiniwake ali m'ndende. Iye sankadana kwenikweni ndi mzungu amene anamutsekera. Mtima wake unali pa anthu akwawo, makamaka Nwaka wa ku Umunneora, amene anamuseka pamsonkhano ponena kuti mzunguyo ndi bwenzi lake, choncho asadabwe kuti waitanidwa. Ali m'ndendemo anaona kuti kuchedwa kwake ndi mkwapulo umene adzakwapulire Umuaro, mpaka ankafuna kuti am'sungebe. Ngakhale mvula imene inam'nyowetsa panjira pobwerera kwawo anailandira mokondwa, poti inkawonjezera milandu imene adzawerengere anthu ake. Munthu amene wakonzeratu kubwezera akapita kukachisi n'kubwerako ndi yankho lofanana ndendende ndi zimene mtima wake unkafuna, ine sindingakhulupirire kuti wamva mawu a wina aliyense koma ake omwe.

Abusa Kumwenda (Chiputula):
Anaphiri, mwawerenga bwino chigawo cha kundende, koma mwadumpha zimene zinachitika atafika kunyumba, ndipo pamenepo ndi pamene pali mtima wa bukuli. Anthu anabwera ambirimbiri kudzam'zonda, ena mwa iwo ochokera kumidzi imene iye ankaiyesa ya adani, ndipo mtima wake unayamba kufewa. Anayamba kuganiza zoyanjana nawo, pozindikira kuti si Umuaro yense amene anamupereka. Ndi pa nthawi imeneyo, chikumbumtima chake chikumukokera kumtendere, pamene anamva mawu a Ulu akum'kalipira m'khutu ndi kum'funsa kuti ndani anamuuza kuti nkhondoyi ndi yake. Apa ndi pamene anavomereza kuti iye ndi muvi chabe pa uta wa mulungu wake. Choncho mawu a Ulu sanagwirizane ndi zimene iye ankafuna pa ora limenelo. Anadzatsutsa chifundo chimene chinali chitayamba kumera.

Tisaiwalenso mbiri ya munthuyu. Zaka zisanu m'mbuyomo, pa mkangano wa malo pakati pa Umuaro ndi Okperi, iye anachenjeza anthu ake kuti malowo si awo ndipo Ulu sadzamenya nkhondo yopanda chilungamo. Nkhondoyo itathetsedwa ndi Captain Winterbottom, mzungu woyang'anira deralo m'boma la atsamunda, Ezeulu anaperekera umboni wotsutsa anthu akwawo, ndipo malowo anapatsidwa kwa Okperi. Pambuyo pake, atapatsidwa ufumu ndi boma, anaukana nati sadzakhala mfumu ya wina aliyense koma ya Ulu yekha. Munthu amene wataya chikondi cha anthu ake chifukwa cha choonadi, n'kukananso ufumu wopatsidwa pamanja, si munthu woti tim'namizire msangamsanga kuti anapeka mawu a mulungu.

Tiwonge (Luwinga):
Abusa, ndikupempha kufunsa ngati mwana. Bukuli likunena mosabisa kuti Ulu anachita kupangidwa. Midzi 6 ija inkazunzidwa ndi ankhondo a ku Abam amene ankagwira anthu ukapolo, ndipo inasonkhanitsa asing'anga amphamvu kuti aipangire mulungu mmodzi woiteteza, nkupereka unsembe wake kumudzi wochepa mphamvu kuti pasakhale mudzi wodzikweza. Nwaka amakumbutsanso anthu za a ku Aninta, amene anatentha mulungu wawo atalephera kuwathandiza. Ngati Ulu anapangidwa kuti anthu apulumuke, zingatheke bwanji kuti Ulu yemweyo alamule kuti anthuwo afe ndi njala chakudya chili m'munda? Ndaonanso kuti pamene Ezeulu anali m'kachisi kufunsa, chimene ife owerenga tikumva ndi belu la tchalitchi basi. Wolemba sanatiuze kuti Ulu anayankha chiyani m'menemo, ndipo sindikhulupirira kuti anachita kuiwala.

Bambo Nyasulu (Chibavi):
Mwana wanga Tiwonge, za belu zija wagwira poyenera. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene chili m'mutu woyamba weniweni, nkhani ya ndende isanayambe n'komwe. Ezeulu akudikira kuti chilazi chake chipse, akudzifunsa ngati mphamvu zimene ali nazo n'zenizeni. Akuona kuti iye amangotchula tsiku, koma salisankha, ndipo akudziyerekeza ndi mwana amene wauzidwa kuti mbuzi ndi yake: amaidyetsa ndi kuisamala, koma tsiku loti iphedwe ndi pamene amadziwa mwini wake weniweni. Kenaka akudzifunsa ngati angathe kukana kutchula tsikulo. Ganizo lakuti sangayerekeze likum'psetsa mtima ngati kuti walinena ndi mdani, ndipo akudziyankha kuti palibe munthu mu Umuaro amene angaime n'kunena kuti iye sangayerekeze.

Zimenezi zikundiuza kuti funso lakuti "kodi ndingakane?" linali m'mtima mwake kalekale, likungodikira mpata, ndipo mpatawo anam'patsa ndi mzungu mosadziwa. Komabe sindikugwirizana ndi Anaphiri kwathunthu, chifukwa sindiona paliponse pamene Ezeulu akudziwa kuti akunama. Akadakhala wabodza, nkhaniyi ikadakhala yaing'ono, yongonena za wansembe wachinyengo, ndipo sitikadataya nayo nthawi. Chimene chikuopsa n'chakuti iye akukhulupirira ndi mtima wonse. Pa chikondwerero cha masamba a maungu timamuona theka la thupi lake litapakidwa dothi loyera, kusonyeza kuti mbali ina ndi munthu, mbali ina ndi mzimu. Wanyamula chiphunzitso chimenechi moyo wake wonse, mpaka sathanso kusiyanitsa pamene pathera Ezeulu ndi pamene payambira Ulu, ndipo aliyense wotsutsana ndi Ezeulu amasanduka wotsutsana ndi mulungu.

Bambo Mbewe (Mchengautuwa):
Ndikuona kuti tonse tam'zungulira Ezeulu ngati kuti anadzitsekera yekha m'ndende. Tiyeni tilipatse boma gawo lake la mlandu. Aigbo ambiri analibe mafumu a ulamuliro waukulu, nkhani zinkagamulidwa pabwalo la akuluakulu. Angerezi, potsata njira yolamulira kudzera mwa mafumu ya Lugard, yemwe anakhalapo bwanamkubwa wa Nigeria, anayamba kupereka makalata a ufumu kwa anthu amene iwo awasankha. M'bukuli tikuona James Ikedi wa ku Okperi, amene atalandira kalata yotere anasanduka wolanda ndi wodya ziphuphu. Winterbottom anasankha Ezeulu chifukwa chakuti anam'peza woona mtima pa mlandu wa malo uja, ndiye kuti choonadi chake chomwecho ndicho chinam'kokera m'mavuto. Winterbottom atadwala, wachiwiri wake Tony Clarke anamusunga wansembeyo m'ndende chifukwa chongoona kuti kukana ufumu n'kunyoza boma. Clarke sankadziwa kanthu za mwezi kapena za zilazi, ndipo anaphwanya kalendala ya midzi 6 osadziwa kuti pali chimene waphwanya. Mafumu oikidwa chonchi anadedwa kwambiri, ndipo mu 1929 amayi a m'dera la Aba anawaukira.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Mu 1912 boma la Nyasaland linakhazikitsa lamulo loika mafumu oyang'anira zigawo m'malo mwa boma, ndipo mu 1933 linakhazikitsa ulamuliro wa mafumu ovomerezedwa ndi boma. Mpaka lero mfumu imalandira mswahala kuboma, ndipo imakwezedwa ndi boma. Ezeulu anaona msanga kuti ufumu wopatsidwa uli ndi mwini wake, ndipo pa chimenechi ndimam'patsa ulemu wonse. Chondidabwitsa n'chakuti munthu amene anali ndi maso akuthwa chonchi pa ulamuliro wa mlendo anakhala wakhungu pa ulamuliro wake womwe.

Anyamhango (Zolozolo):
Bambo Mbewe mwatifikitsa pamene ndimafuna kulowera. Ezeulu anakana kawiri, ndipo ine ndikuona kuti tikulakwa tikamaika kukana kuwiriku m'thumba limodzi. Atakana ufumu, amene anagona m'ndende ndi iye mwini. Atakana kudya zilazi, amene anagona ndi njala ndi ana a anthu ena. Ife alimi tikudziwa chimene chimachitika chimanga chikauma n'kukhalitsa m'munda: chiswe chimayambira pansi, anankafumbwe amalowa chisanafike n'komwe munkhokwe, ndipo miyezi iwiri ndi yokwanira kuti thukuta la chaka chonse lipite pachabe. Amene anauzidwa kuti adikire ankaona zotere zikuchitikira zilazi zawo tsiku ndi tsiku.

Ine ndine Mkatolika, ndipo ambiri a ife tikukumbukira kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Maepiskopiwo anaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi, kalatayo inaletsedwa, ndipo Monsignor John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno mwezi wotsatira. Nawonso ankati akumvera Mulungu koposa boma, koma anayankhulira anthu amene ankavutika, ndipo chiopsezo chinagwera iwo eni ake poyamba. Kukana koyamba kwa Ezeulu n'kwa mtundu umenewu. Kwachiwiri kuja n'kwina, ndipo sindingakutche chikumbumtima.

Abusa Kumwenda (Chiputula):
Anyamhango, muyeso wanu ndi wabwino, koma suyeza zonse. Nyumba ya Ezeulu nayonso inagona ndi njala, ndipo inavutika koposa nyumba zina, chifukwa ena ankatha kuzemba mwambo mwakabisira pamene a m'nyumba ya wansembe sakadatha. Ana ake ankanyozedwa kumtsinje, abwenzi anasiya kubwera, ndipo iye mwini anamva kulemera kwa zonsezi. Sanali munthu wokhuta amene akulamula anzake kusala.

Kumene ndikugwirizana nanu n'kwakuti Malemba amene ine ndimalalikira ali ndi nkhani zofanana ndi imeneyi, ndipo sakhala kumbali ya wouma mtima. Pa 1 Samueli 14, Sauli analumbiritsa ankhondo kuti asadye kanthu mpaka madzulo, Yonatani analawa uchi osadziwa za lumbirolo, ndipo Sauli anali wokonzeka kupha mwana wake kuti asunge mawu ake. Anthu ndiwo anaimirira n'kumuwombola Yonatani, ndipo sitiwerenga kuti Mulungu anawalanga chifukwa cha chimenecho. Akuluakulu 10 a ku Umuaro anachita zonga zomwezo pamene anati mlandu ukhale pa iwo. Pa Oweruza 11 palibe amene anaimirira, ndipo Yefita anataya mwana wake wamkazi chifukwa cha chowinda. Davide ali ndi njala anadya mkate wopatulika wa ansembe, ndipo Ambuye Yesu anaikumbutsa nkhaniyo pophunzitsa kuti Sabata linaikidwa chifukwa cha munthu. Vuto la Ezeulu n'lakuti njira yotulukira anam'tsegulira anthu amene iye ankawaona ngati adani. Kudya zilazi zija kukadatanthauza kuti Nwaka ndi Ezidemili, wansembe wa mulungu wina wotchedwa Idemili, amene ankam'chitira nsanje, apambana.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa mtendere ngati mbusa, ndipo ndichinene ndekha ena asanandinenere. John Goodcountry, mphunzitsi wa mpingo m'bukuli, ataona njalayo analengeza kuti aliyense wobweretsa zilazi zake kutchalitchi adzatetezedwa ku mkwiyo wa Ulu ndipo angathe kukolola. Sabata ya masika ndimaima kutsogolo, matumba a chimanga ataunjikidwa pafupi ndi gome, mikoko ya nthochi itatsamira khoma, nkhuku zomangidwa miyendo zikupalapata pansi pa benchi, amayi akuimba polowa ndi malichero a mtedza pamutu, ndipo mtima wanga umakondwa. Koma chiwerengereni bukuli ndimadzifunsa kuti mwa anthu a ku Umuaro amene anabweretsa zilazi tsiku lija, ndi angati anabwera chifukwa cha Khristu, ndipo ndi angati anangopeza mulungu wina wowalola kudya. Mpingo unakolola pamene sunalime, ndipo unagwiritsa ntchito mantha omwewo amene unkati wadzawachotsa.

Tiwonge (Luwinga):
Abusa, zikomo ponena zimenezi poyera. Ine amene amandimvetsa chisoni ndi Oduche, mwana wa Ezeulu. Bambo ake ndiwo anam'tumiza kwa amishoni kuti akakhale diso lawo kumeneko, namuuza kuti dziko lili ngati gule wovina, amene sungamuone bwino utaima malo amodzi. Mnyamatayo anapita n'kukhulupiriradi, mpaka anatsekera nsato yopatulika m'bokosi, posafuna kuipha ndi manja ake komanso posafuna kuoneka wamantha pamaso pa Akhristu anzake. Nayenso anali ndi nkhondo yake ya m'mtima, yaing'ono koma yofanana ndi ya bambo ake. Pamapeto Ezeulu anam'tukwana kuti ndi buluzi wowononga maliro a mayi ake chifukwa sanadzamuuze zimene mpingo unkakonza. Chimene sindikumvetsa n'chakuti munthu amene anaphunzitsa mwana wake kuti usaime malo amodzi ndi yemweyo amene anaima nji pa nkhani ya zilazi. Mwambo anaupinda yekha potumiza mwana wa wansembe kutchalitchi, ndiye sanganene kuti mwambo supindika.

Bambo Nyasulu (Chibavi):
Akuluakulu aja anam'kumbutsanso zomwezo, kuti miyambo ina inasinthidwapo kale itayamba kupweteka anthu. Koma taona mmene maganizo ake anayendera atamva mawu a Ulu aja. Anayamba kuganiza kuti mwina mzunguyo, ngakhalenso Oduche, ndi mivi ina m'dzanja la Ulu yolasira Idemili. Kuyambira pamenepo chilichonse chochitika chinkangotsimikizira zimene wakhulupirira kale, ndipo panalibenso umboni umene ukadam'bweza. Muvi sufunsidwa mlandu wa kumene walasa, choncho podzitcha muvi anadzimasula ku funso limene linkam'vutitsa. Ndikuganiza kuti mpumulo umene anaupeza pamenepo ndiwo unamuwononga. Bwenzi lake Akuebue, amene ankam'dziwa kuposa aliyense ndipo sankaopa kum'dzudzula, anaumirira kuti Ezeulu ndi wonyada koma sangapotoze mawu a Ulu. Ofoka, mmodzi wa akuluakulu a mu Umuaro, atanena kuti wansembe wotere amatsogolera mulungu wake kuchiwonongeko, Akuebue anayankha kuti mwina ndi mulungu wotere amene amatsogolera wansembe wake kuchiwonongeko. Wolemba anasiya mawu awiriwa ali chiimire, osagamula.

Anaphiri (Katoto):
Wolemba angasiye osagamula, koma maliro a Obika, mwana wina wa Ezeulu, alipo. Tikumbukire chifukwa chimene mnyamatayo anafera. Banja la malemu Amalu linam'pempha kuti athamange usiku ngati mzimu wa pamwambo wa maliro, iye ali ndi malungo. Akadatha kukana, koma anadziwa kuti akakana anthu adzati nyumba ya Ezeulu yatsimikiza kuwononga maliro a munthu wa m'mudzi mwawo, popeza malirowo anali atavutika kale ndi kusowa kwa zilazi. Anathamanga kuti achotse chitonzo pa dzina la bambo ake, ndipo anagwa n'kufa. Ezeulu atauona mtembowo anasokonezeka mutu, akufunsa chifukwa chimene Ulu wam'kanthira iye amene anamvera. Anthu anati mulungu waweruza mokomera mudzi, poti palibe munthu woposa anthu ake. Ine chigamulo cha anthuwo sindichilandira, chifukwa Obika sanalakwire aliyense pa nkhaniyi, ndipo mulungu wolanga bambo popha mwana sindimuona chilungamo chake. Koma sindilandiranso zoti Ezeulu analibe kochitira. Abusa, ndikufunseni mosapita m'mbali: inu mukadakhala Ezeulu, akuluakulu 10 atakhala pamphasa panu, mukadadya zilazi zija kapena ayi?

Abusa Kumwenda (Chiputula):
Ndikadadya, Anaphiri, ndipo ndikadadya zonse tsiku lomwelo. Koma yankho limeneli musalipatse mtengo, chifukwa ine sindikhulupirira Ulu, ndipo n'chapafupi kuswa lamulo la mulungu amene sumuopa. Tonse pano tikum'weruza Ezeulu tili kunja kwa chikhulupiriro chake, pamene kwa iye kudya chilazi mwezi usanaoneke kunali kudya imfa, yake ndi ya mudzi womwe. Funso lolingana ndi lake mukadandifunsa chonchi: akulu a mpingo 10 abwera kunyumba kwanga, akundipempha kuti ndichite chinthu chimene ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu waletsa, akundionetsa anthu amene akuvutika chifukwa cha kukana kwanga, ndipo akuti tchimolo likhale pa iwo. Ena mwa akuluwo ndi amene akhala akundinena kumbali zaka zambiri. Pamenepo ndikadawayankha kuti tchimo silisamutsidwa ndi voti ya akulu, ndikadatsegula Machitidwe 5:29 pamene Petro akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, ndipo ndikadakana. Ndikadapita kukapemphera, ndikadabwerako ndili wotsimikiza, ndipo inu mukadalemba za ine pano zomwezi mwalemba za Ezeulu.